Mwini mbumba ndi mwana kumsana

Ndisanayambe, nditchule kaye mboni zanga, chifukwa pa Nsaru pali anthu amene ine ndikanena kuti kwacha amayamba asuzumira panja. Mboni yoyamba ndi mwini golosale amene ndimakonzera njinga pakhonde pake. Ndi Msilamu, sadalaweko mowa chibadwire, ndiye zimene adaona adaziona ndi maso awiri okha. Yachiwiri ndi amayi ogulitsa zitumbuwa pansi pa mtengo wa keshya moyang'anana ndi khondelo. Amenewa ntchentche ikadutsa amadziwa kwawo kwake. Yachitatu ndi akabaza onse a pa siteji, ngakhale umboni wawo umachedwa kuyamba chifukwa cha kuseka. Yachinayi ndi mwana amene adandikodzera kumsana masiku atatu. Pano ali Sitandade 3 ndipo akukana zonse.

Ine ndine malume. Kwathu kuno malume ndiye mwini mbumba, ana a alongo ake ndi ake, ndipo pa nkhani yawo mawu omaliza ndi ake. Udindo umenewu ndidaugwira mokhulupirika zaka zambiri, makamaka mbali ya kudya nkhuku.

Mlongo wanga wamkulu adamwalira mwana wake wamkazi ali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Mwamuna wake, mkamwini wochokera cha kwa Kabudula, adalira pamaliro kulira kochita kugwiridwa ndi amuna anayi. Titameta, adamangirira panjinga wailesi, matilesi, makasu awiri ndi chitseko. Chitseko, inde. Adati adagula yekha. Ndikanama mphezi indipeze m'chilimwe. Mwana yekha ndiye sadakwane pakeliyala.

Tidakhala pansi abale. Mlongo wanga wamng'ono, amene nthawi imeneyo adali ndi khanda lake loyamba, adati, "Achimwene, mwanayu ndimutenge ine. Ndi wanga yemwe. Chimene ndidye ine adya iye." Amayi ena adapukuta misozi. Ine ndidagwedeza mutu mwaufumu, n'kukwera njinga kubwerera ku Nsaru ndikudzitama kuti mlandu ndauweruza bwino.

Chimene mlongo wangayo adatenga tsiku limenelo si mwana. Adatenga mlezi.

Mlongo wanga ndi alamu anga ndi alimi a fodya, ndipo ana amabereka monga zimayendera minibasi pa siteji, ina ikangonyamuka ina yalowa kale pamzere. M'zaka zisanu ana adakwana atatu. Onse atatu adakulira pamsana umodzi, ndipo sudali wa mayi wawo. Msana wa mtsikanayo sudaonepo dzuwa. Tsiku lina ndidakumana naye panjira alibe mwana kumbuyo, ndipo pali Mulungu sindidamuzindikire, ndidamupatsa moni wa alendo. Dzina adali nalo, labwino, lomupatsa mayi ake. Koma pakhomopo ankamuitana kuti iwe. Iwe madzi. Iwe mwana akulira. Iwe mbuzi zalowa mu nazale. Nanenso ndikapitako ndinkati iwe, tandipatsa mpando.

Kusukulu ankapita tsiku limene kunyumba kwasowa chomutuma, mwana ali kumbuyo. Mwanayo akalira, aphunzitsi ankati tuluka, ukusokoneza anzako. Ndiye iye ankatuluka n'kukaima pawindo. Sitandade 5 adabwereza, nkhani yake ndi imeneyo, adaiphunzira theka ali panja. Zonsezi ine ndidazimva pambuyo pake. Nthawi imeneyo ndidali wotanganidwa ndi masipoko.

Tsiku lina pakhonde panga padafika mayi wamfupi akukankha njinga yophwa teyala. Wamfupi kwenikweni, moti chishalo chinkamufika m'khwapa. Adali mphunzitsi watsopano wa Sitandade 7 pa sukulu ya kufupi ndi kwathu. Ndidachotsa chubu, ndikuchiviika m'beseni kufuna pobooka, iye ali chiimire.

"Bambo, ndamva kuti ndinu amalume ake a mwana uja woima pawindo."

"Ndine amene, madamu."

"Ndidapita kwa mayi ake aang'ono. Akuti mwini mwana ndinu."

"Eya, ndi zoona. Koma ali m'manja mwawo."

"Uko akuti mwini ndinu, kuno mukuti manja ndi awo. Chabwino. Ali kalasi yanji?"

Ndidaganiza mofulumira, n'kunena kuti Sitandade 4.

"Teyala langali ndi saizi yanji?"

"Twente eyiti," ndidayankha ndisadayang'ane n'komwe.

Adangondiyang'ana. Amayi a zitumbuwa aja adaseka mpaka mafuta kuwathovokera pamkono, chipsera chilipo, mukhoza kukachiona.

Kenako mphunzitsiyo adakhala pa benchi langa osapemphedwa n'kundiuza mmene adamupezera. Kalasi yake idali ndi ana ochuluka moti akumbuyo phunziro linkawafika mawa lake. Adalemba samu pabolodi, kalasi yonse zii. Yankho lidalowera pawindo, limodzi ndi kulira kwa khanda. Adatuluka, n'kupeza mtsikana atawerama, akulemba pansi ndi kamtengo uku akugwedeza chiuno kutonthoza mwana. Adamuuza kuti lowa. Mtsikanayo adati mwanayu alira, madamu. Iye adati mpatse kuno. Adamasula chitenje, n'kudzimangirira khandalo, n'kubwerera pabolodi. Kuyambira tsiku limenelo ankaphunzitsa ndi mwana wa eni kumbuyo, choko kumanja.

"Mwana ameneyu mutu wake ndi wakuthwa," adatero. "Ndidamuuza mwini wake, adayang'ana kumbuyo kuona ngati ndikunena wina. Ndiye ndikumuuza tsiku ndi tsiku mpaka atope avomere. Imeneyo ndi ntchito yanga. Yanu ndi imodzi yokha, bambo. Mukanene kuti mlezi apeze wina. Kodi si inu a mawu omaliza?"

Ndidati Lamulungu lomweli ndikupita, akandimva.

Ndidapitadi. Njira yonse ndinkayeseza mawu, okalipa bwino, moti agalu ankandipatukira. Nditangofika, alamu anga adati, "Alamu! Iwe, gwira tambala uja." Mtsikanayo adathamangitsa tambala mwana ali kumbuyo, adamupha, adamusosola, adamuphika, n'kundigwadira ndi madzi osamba m'manja. M'mbale mwanga mudali nthutumba, ulemu wa mlendo wamkulu. Ndidatsegula pakamwa kuti mawu aja atuluke, m'malo mwake mudalowa nthutumba. Tidakamba za mitengo ya fodya, za feteleza, za mvula. Potsanzika ndidati mwanayu muzimuonako za sukulu. Mlongo wanga adati kodi sapita? Nkhani idathera pomwepo.

Ndidapita katatu chaka chimenecho, ulendo uliwonse mphunzitsi uja atandikumbutsa. Nkhuku zitatu zidafa chifukwa cha maphunziro a mwana ameneyu, ndipo zonse adasosola yekha. Anthu amandifunsa kuti ndimakwiyira ndani pa nkhaniyi. Ndimakwiyira munthu amene adatenga chitseko. Ndimakwiyira mlongo wanga amene ankaimba kwaya Lamulungu manja ali pachifuwa, mwana wake ali pamsana wa mwana wamasiye kunja kwa tchalitchi. Ndimakwiyira mudzi wonse umene unkati koma mwana uyu ndi wolimbikira, ngati akuyamikira ng'ombe yapangolo. Koma amenewo onse ndimawakwiyira masana okha. Amene ndimagona naye n'kudzuka naye ndi wa nthutumba uja.

Mphunzitsi uja sadadikire ine. Adakwera nayo kalasi yake kupita Sitandade 8. Adamupezera mtsikanayo yunifolomu kwa mwana wina amene adaisiya, adamupatsa makope, ndipo masana ena ankamusunga pakhonde la nyumba yake kumubwereza zimene adaphonya m'miyezi yosoka fodya. Tsiku lojambulitsa zithunzi za pa chitupa cha mayeso, wojambula adamuuza katatu kuti awongoke. Sankatha. Thupi lidazolowera kuweramira kutsogolo. Chithunzicho ndidachiona, akuoneka ngati akufuna kutuluka m'pepalamo.

Ndiye idafika sabata ya mayeso, masiku atatu. M'chipinda cha mayeso simulowa khanda, pakhomo pamakhala wapolisi. Mphunzitsi uja adatumizidwa kukayang'anira mayeso pa sukulu ina kutali, monga amachitira, kuti asayang'anire ana ake omwe. Ndipo sabata yomweyo jeke idafika kwa alamu anga.

Jeke yodindira mabelo a fodya m'mudzi mwathu idali imodzi, ya bambo wina, ndipo inkayenda khomo ndi khomo mwa mzere. Ikafika pako umasiya zonse, ngakhale maliro umapita mochedwa. Ikakudutsa, udikira onse amalize, lole yopita ku okushoni n'kukusiya. Masiku a alamu anga adagwera ndendende pa masiku atatu aja. Mlongo wanga adafunika kuchigafa kusankha ndi kuyala fodya kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Alamu adaweruza okha kuti mayeso amabwera chaka chilichonse, adzalemba chaka chamawa, mwana asasowe womugwira.

Mphunzitsiyo adadzera pakhonde panga akupita kokwera, chikwama kumanja. Adandiuza zonsezi. Ndidati madzulo omwe ano ndikupita, ulendo uno akandimva.

"Musavutike, bambo," adatero. "Nkhuku zatsala zochepa kumeneko. Ndalankhula ndi mwini wake mayeso. Ndamuuza kuti palibe amene adzamumasule chitenje chija ngati samasula yekha."

Madzulo amenewo sindidapite. Padali wilo lopindika lofunika kuwongola.

M'mawa mwake, ndikuyala masipanala pa saka, ndidaona mtsikana wa yunifolomu akubwera mothamanga, mwana kumbuyo, jumbo kumanja. Adali atayenda wapansi kuchokera kumudzi. Adaima patsogolo panga osagwada, koyamba chibadwire chake.

"Amalume, tembenukani."

Ndidatembenuka. Ndimaganiza kuti pamalaya pali chinthu.

"Weramani."

Ndisadafunse, kanthu kofunda kadatera pamsana panga, chitenje chidadutsa m'khwapa, mfundo idamangidwa pachifuwa. Mfundo yake ya akatswiri, yoti ngakhale pulayala siingamasule.

"Phala lili m'botolomu. Matewera ndi awiri, lina likanyowa muchape muyanike. Akalira muzivina pang'ono, osaima."

"Iwe! Wapenga? Ine ndine mwamuna, ndili pantchito!"

"Mwini mbumba ndinu, amalume. Mbumba yake ndi imeneyo. Ndikachedwa atseka chitseko."

Adatulutsa bolopeni ndi chitupa m'jumbo muja, n'kuthamanga. Zaka zisanu ndi chimodzi ndinali ndisadamvepo mawu ake opitirira eya ndi zikomo.

Akabaza adafika ngati aitanidwa ndi belu. "Amayi, mwadzuka bwanji?" "Mwachira liti, osatiuza?" "Koma wafanana ndi pampu!" Wina adapita mpaka kumsika kukaitana anzake. Minibasi ina yopita kutauni idabwerera chambuyo kuti okwera aone bwino, mwini golosale ndi mboni. Ndidayesa kumasula mfundo ija, mwana adayamba kulira. Amayi a zitumbuwa adakuwa kuti vinani, adakuuzani kuti muzivina! Ndidavina. Bambo wa ndevu zanga, sipanala kumanja, kuvina pakhonde la golosale popanda ng'oma.

Ndidawapempha amayiwo kuti andigwirireko. Adati, "Ine pamoto pano? Komanso mwana uja wadutsa pano zaka zingati inu mukumuona? Vinani."

Kunyumba kudalibe wondilandira. Ukwati wanga udali utatha chaka chimenecho, akazi anga atandilongedzera zovala bwinobwino m'thumba la feteleza.

Mwana wa chaka ndi theka mukamuona ali pamsana wa wina amaoneka wopepuka. Pofika teni koloko adali ngati thumba la chimanga lonyowa. Ukawerama kuti upope teyala, amakukoka makutu. Ukakhala pansi, amalira. Ukaimirira, amakodza. Mfundo ija inkadya pachifuwa, khosi lidauma, msana udayamba kuyaka kuchokera m'chiuno. Mwini golosale adatuluka ndi banzi, adampatsa mwanayo, n'kundiyang'ana nthawi yaitali.

"Achimwene, mwatopa?"

"Ndafa."

"Maola atatu amenewo," adatero, n'kubwerera m'golosale.

Munthu ameneyu salankhula zambiri, n'chifukwa chake ndimadana naye nthawi zina. Ndidakhala ndikuwerenga ndekha. Kamwana ka zaka zisanu ndi zinayi, mayi atangoikidwa kumene, katundu ameneyu kumbuyo, ndowa pamutu, kuchokera kumjigo. Tsiku lililonse. Kenako n'kukaima pawindo kuwerengera samu pansi. Manyazi a akabaza adandithera pomwepo. Chidalowa m'malo mwake ndi ukali woti ndikadakumana ndi ine ndemwe panjira ndikadamumenya.

Masana mlongo wanga adatulukira, manja akuda ndi phula la fodya, mpango uli pambali.

"Achimwene! Mwapenga kodi? Mudzi wonse ukukamba! Mukutichititsa manyazi pamsika!"

"Manyazi mwawaona lero chifukwa wonyamula ali ndi ndevu, eti?"

"Kamwana kaja n'kamwano. Kathawa m'mamawa osatsanzika, jeke ili pakhomo. Ndikadyetsa ine, ndikaveka ine."

"Yunifolomu ija mudagula ndinu?"

Adayamba kulira, kulira kwa anthu ogwidwa. Adati ine sindidziwa kuvuta kwa fodya, adati iye ali ndi manja awiri okha, adati pamene ankamutenga mwanayo ine ndidapereka chiyani. Pamenepo adanena zoona, ndipo ndidamuuza kuti wanena zoona. Kenako ndidati mwana wanu ndi uyu, mukafuna mutengeni mukamubereke nokha pajeke. Mukapanda kutero, abwera kuno mawa ndi mkuja. Koma mtsikana uja alemba mayeso onse, ndipo amene amukhudze ndi chala adzadinda mabelo ake ine nditakhala m'kati mwa jekemo.

Mlongo wanga adamasula mfundo ija ndi dzanja limodzi, adayamwitsa mwana ataimirira, anthu onse akuonerera. Atatha adayang'ana mwanayo, adayang'ana njira ya kumudzi kumene kudali fodya. Adandibwezera mwana. Adachita kundimangirira yekha.

Masiku otsalawo ndinkawatenga onse awiri panjinga m'mawa, n'kuwabweza madzulo. Tsiku lachitatu ndidali nditadziwa kuchapa thewera ndi dzanja limodzi uku lina likumata chubu. Mtsikanayo adatuluka m'mayeso omaliza, adafika pakhonde, n'kutambasula manja kuti alandire mwana. Ndidati ayi, yenda choncho. Adayenda patsogolo panga mpaka panjinga manja akulendewera, osadziwa pomwe angawaike.

Zotsatira zitatuluka, mphunzitsi uja adabwera yekha, njinga ili bwinobwino yosaphwa. Mtsikanayo adasankhidwa kupita ku sekondale yogonera komweko. Za fizi mphunzitsiyo adali atayamba kale kuyenda nazo m'maofesi, ndipo adayenda mpaka thandizo lidapezeka. Ine adangondiuza kuti Loweruka tikakumane kumudzi, ndipo ndikadye ndisadanyamuke.

Tidakumana pabwalo la mlongo wanga. Iye adali ndi pathupi pachinayi, poonekera. Alamu adayamba bwino, kuyamika Mulungu, kuyamika aphunzitsi, kuyamika banja lawo limene lidalera mwanayu m'njira yabwino. Kenako adati koma taonani mmene alili mayi akewa. Sukulu siithawa. Adikire chaka chimodzi, wobwerayu akangokhazikika, apita.

Onse adayang'ana ine. Mphunzitsi sadayang'ane ine, adayang'ana mtsikanayo. Iye adali atakhala pamphasa kumapeto, mwana ali pamiyendo. Adamuimika mwanayo pansi, adamulozera kwa mayi ake, n'kunena osakweza mawu:

"Ndalera atatu. Wachinayi ayi. Ndikupita Lolemba."

Ngakhale mbuzi idasiya kutafuna. Alamu adati, "Alamu, mukumva mwanowu? Tiuzeni inu eni ake."

Ndidati, "Mwamva."

Ndi zokhazo. Zaka zisanu ndi chimodzi za umwini mbumba, ntchito yanga yonse ndi liwu limodzi limenelo, ndipo ngakhale limenelo ndidachita kuyambiridwa ndi mwana.

Lolemba tidali pa siteji, ine ndi mphunzitsi ndi iye, sutikesi yobwereka ili kale pansi pa mpando. Mlongo wanga sadabwere. Adatuma munthu ndi mbale ya mtedza wokazinga woti adye panjira. Munthu wake adali kamtsikana ka zaka ngati zisanu ndi zitatu, kosavala nsapato, kochokera kwawo kwa alamu. Kadali katafika dzulo lake. Kumbuyo kwake kudali mwana uja, miyendo ikukafika m'mawondo.

Masiku awiri. Adangofunika masiku awiri kuti apeze msana wina.

Mtsikana wathu adali atakhala kale m'minibasi. Adatsika. Adagwada, adakafunsa kamtsikanako dzina, n'kulibwereza mokweza. Adamasula chitenje, adachimanganso mokwezera kuti chisamadye pakhosi. Kenako adakalozera mphunzitsi.

"Ukuwaona amayi aafupiwa? Mawa upite kusukulu, ukawafune. Upite naye mwanayo, usaope." Adatembenukira kwa ine. "Amalume, mukakaperekeze."

"Kameneka si ka mbumba yanga. Ndilibe mawu pa iko."

"Njinga muli nayo," adatero.

Kondakitala adamenya chitseko kuti tiyeni, tiyeni. Adakwera, adakhala, n'kutsamira pampando msana wonse. Minibasi idanyamuka kulowera kutauni.

Ndidatsala ndi mbale ya mtedza m'manja, adaiiwala. Tsiku limenelo njinga iliyonse imene ndidagwira ndidaimanga manati mopitiriza mpaka awiri kuduka, ndipo mmodzi wa eni ake njingazo sadathebe kuchotsa wilo lake mpaka lero. Mawa lake sindidatsegule. Ndidali ndi ulendo wa kusukulu.